Gulugufe wa ku Brazil ndi mvula ya mawa: mbiri ya sayansi ya chipwirikiti

Pa 21 June 2001 dzuwa linazima masanasana mumzinda wa Lusaka. Anthu anali atadikirira kale ndi magalasi awo akuda, chifukwa akatswiri anali atanena zaka zambiri m'mbuyomo tsiku, ola ndi mphindi imene kadamsanayo adzachitike, ndipo sanaphonye. Koma akatswiri a sayansi omwewo mutawafunsa ngati mvula igwe ku Mchinji Lachiwiri la mwezi wamawa, amagwira njakata. Dzuwa ndi mwezi zili kutali kwambiri, mtambo uli pamutu pathu pompa. Nanga bwanji chakutali chimaloseredwa mosavuta pamene chapafupi chimakanika? Yankho lake lili m'gawo la masamu limene pa Chingerezi amalitcha chaos theory, sayansi ya chipwirikiti, ndipo mbiri yake inayambira pa zolakwika ziwiri za anthu anzeru.

Chikhulupiriro chakale

Isaac Newton atatulutsa buku lake la malamulo a kayendedwe ka zinthu mu 1687, anthu ophunzira ku Ulaya anayamba kuona chilengedwe ngati wotchi yaikulu yosaphonya. Umboni unalipo. Edmond Halley anawerengera kuti nyenyezi ya mchira imene inaoneka mu 1682 idzabweranso, ndipo inaonekadi kumapeto kwa 1758, iye atamwalira kale. Mu 1846 Urbain Le Verrier wa ku France anapeza pulaneti ya Neptune ndi cholembera papepala, n'kuuza anzake a ku Berlin koti aloze makina awo oonera kutali, ndipo anaipezadi pomwepo.

Pierre-Simon Laplace ndiye analimba mtima kuposa onse. Mu 1814 analemba kuti patakhala wanzeru wodziwa pamene pali kanthu kalikonse ndi mphamvu zonse zokankha kanthuko pa mphindi imodzi, wanzeruyo angathe kuwerengera zam'tsogolo zonse ndi zakale zonse. Aliyense ankadziwa kuti palibe muyeso wangwiro, koma ankati kulakwitsa pang'ono poyeza kumabala kulakwitsa pang'ono pa yankho. Apa m'pamene panabisala msampha.

Mphoto ya mfumu

Mfumu Oscar II ya ku Sweden ndi Norway inkakwanitsa zaka 60 mu January 1889, ndipo pokondwerera tsikulo panakonzedwa mpikisano wa masamu. Limodzi mwa mafunso linali lokhudza mayendedwe a zinthu zakuthambo zimene zikukokana. Newton anali atathana kale ndi nkhani ya zinthu ziwiri, monga dzuwa ndi pulaneti imodzi. Koma mukaonjezera chachitatu, masamu ake amalimba ngati mwala.

Anapambana ndi Henri Poincaré wa ku France. Nkhani yake ili m'kati mosindikizidwa m'magazini ya Acta Mathematica, mnyamata wothandiza mkonzi, Lars Edvard Phragmén, anafunsa za malo ena amene sankamveka bwino. Poincaré atabwererako kukaona, anapeza kuti analakwitsa kwambiri. Iye anali atasonyeza kuti njira za zinthu zitatuzo n'zokhazikika, pamene zoona zake zinali zosiyana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma iye sanabise. Anaulula cholakwacho, makope amene anali atatumizidwa kale anaitanitsidwa, ndipo analipira yekha ndalama zosindikizira zoposa makorona 3,500, pamene mphoto yake inali makorona 2,500 okha.

Nkhani yokonzedwanso inatuluka mu 1890, ndipo m'menemo muli maziko a sayansi ya chipwirikiti. Poincaré anaona kuti njira za zinthu zitatu zokokana zingathe kupiringizana mosaneneka, moti ziwiri zoyambira pafupifupi malo amodzi zimakathera kosiyana kotheratu. Mu 1908 anafika ponena kuti vuto lomweli ndi limene limasautsa olosera zanyengo. Koma nthawiyo kunalibe makina owerengera masamu ochuluka chotero, ndipo maganizo akewo anagona zaka zambiri. Ena ochepa anawakhudzako. M'zaka za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Mary Cartwright ndi John Littlewood a ku Cambridge, pofufuza chifukwa chimene zipangizo za wailesi ndi rada zinkachitira zosayembekezereka, anapeza kuti vuto silinali la opanga zipangizozo koma linali m'masamu enieniwo.

Kapu ya khofi

Cholakwika chachiwiri chinachitika mu 1961 pa sukulu ya ukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology ku America. Edward Lorenz anaphunzira masamu, kenako anagwira ntchito yolosera zanyengo m'gulu la nkhondo, ndipo nkhondo itatha anakhalabe pa zanyengo. Mu ofesi yake munali kompyuta yotchedwa Royal McBee LGP-30, yaikulu ngati desiki, yochedwa kwambiri poyerekeza ndi foni ya m'manja ya lero. Anaiphunzitsa malamulo 12 a masamu oyerekeza mmene mpweya umayendera, ndipo inkasindikiza mizere ya manambala, nyengo yongopeka ya tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina anafuna kuonanso chigawo china cha zotsatirazo. Posafuna kuyambira pachiyambi, anatenga manambala a pakati papepala, n'kuwalowetsanso m'makina, n'kutuluka kukamwa khofi. Atabwerako patapita pafupifupi ola limodzi, makinawo anali atawerengera nyengo ya miyezi iwiri, ndipo sinkafanana m'pang'ono pomwe ndi yoyamba ija. Poyamba anaganiza kuti makina awonongeka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha: m'malo moitana okonza, anayerekeza mapepala awiriwo mzere ndi mzere. Anaona kuti masiku oyambirira ankafanana, kenako kusiyana kunayamba pa nambala yotsiriza, n'kumawirikiza, n'kumawirikiza, mpaka zonse zitasokonekera.

Gwero lake linali laling'ono zedi. Makinawo ankasunga manambala asanu ndi limodzi pambuyo pa kadontho, koma papepala ankasindikiza atatu okha. Pamene m'kati munali 0.506127, Lorenz analowetsa 0.506. Kusiyana kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 kunasintha nyengo yonse.

Wosewera bawo sangavutike kumva zimenezi. M'bawo mulibe zamwayi: malamulo ndi odziwika, ndipo nkhomo iliyonse imagwera m'kadzenje kake. Koma muonjezere nkhomo imodzi yokha m'kadzenje kamene mukutapa, dzanja lanu likathera pena, mudya pena, ndipo pakatha maulendo ochepa bawo yonse yasintha nkhope. Lamulo lilipo, koma kalikonse kamene mwaphonya pachiyambi kamakula.

Ndipo kuwirikiza n'koopsa. Kanthu kakawirikiza kawiri maulendo 10, kamakula ka 1,024. Tiyerekeze kuti cholakwika pa muyeso wa mpweya chimawirikiza tsiku lililonse. Mutagula zipangizo zoyeza bwino ka 1,000 kuposa zakale, mwangogula masiku 10 oonjezera. Mukafuna masiku ena 10, mufunika zipangizo zoposanso pamenepo ka 1,000. Wanzeru wa Laplace uja akanafunika kudziwa nambala iliyonse mpaka kosatha, ndipo palibe muyeso wotero pansi pano.

Mapiko awiri

Kenako Lorenz anagwiritsa ntchito malamulo atatu okha, oyerekeza mpweya wotenthedwa kuchokera pansi, monga madzi amagadukira mumphika uli pamoto. Pa ntchito ya makompyutayo anathandizidwa ndi amayi awiri, Margaret Hamilton, amene pambuyo pake anatsogolera olemba mapulogalamu a chombo cha Apollo chopita kumwezi, ndi Ellen Fetter, amene anawerengera ndi kujambula zotsatira za nkhani imene inatuluka mu 1963 m'magazini ya Journal of the Atmospheric Sciences.

Chithunzi chimene chinatuluka ndicho theka lina la nkhaniyi, limene anthu ambiri amaliiwala. Mzere wa zotsatirazo unkazungulira mbali imodzi kangapo, n'kulumphira mbali ina, n'kubwereranso, osadutsanso ndendende pamene unadutsa kale. Palibe akanatha kunena kuti ulumpha liti. Komabe sunkatuluka m'malire ake, ndipo muyambire paliponse, unkajambula chinthu chimodzimodzi chooneka ngati mapiko awiri. Chipwirikiti chinali ndi maonekedwe ake. Stephen Smale, amene anaganizira nkhani yofanana ndi imeneyi ali ku Rio de Janeiro mu 1960, anasonyeza mmene zimathekera: kutambasula ndi kupinda, monga amachitira wokanda ufa wa mandasi. Kutambasula kumalekanitsa timbewu tiwiri ta shuga timene tinali pamodzi, kupinda kumatibwezera m'beseni momwemo.

Kwa zaka pafupifupi 10 nkhani ya Lorenz inkawerengedwa ndi anthu ochepa, chifukwa akatswiri a masamu sankawerenga magazini a zanyengo. Gulugufe wotchuka uja anabwera mu December 1972, pa msonkhano wa asayansi ku Washington. Mutu wa nkhani ya Lorenz unkafunsa ngati kukupiza mapiko kwa gulugufe ku Brazil kungayambitse kamvuluvulu woopsa ku Texas. Mutuwo anaupereka ndi mnzake Philip Merilees. Ambiri amaumva molakwika, ngati kuti gulugufe ali ndi mphamvu zopanga namondwe. Lorenz ankatanthauza kuti kamphepo kakang'ono chotero kangasinthe tsiku ndi malo amene kamvuluvulu adzagwere, ndipo kangathenso kumuletsa. Agulugufe ndi osawerengeka, ndipo palibe angaloze amene anachititsa.

Nsomba za padziwe

Mawu oti chaos analowa m'masamu mu 1975 kudzera m'nkhani ya Tien-Yien Li ndi James Yorke. Chaka chotsatira, Robert May, wobadwira ku Australia, anasonyeza m'magazini ya Nature kuti chipwirikiti sichifuna masamu ovuta. Anatenga lamulo limodzi losavuta la kachulukidwe ka zamoyo. Taganizani za nsomba padziwe: zikachepa zimaswana bwino, zikachulukitsa chakudya chimasowa ndipo zimafa. M'lamulolo muli nambala imodzi yosonyeza mphamvu ya kuswana. Ikakhala pakati pa 1 ndi 3, chiwerengero cha nsomba chimakhazikika. Ikapitirira 3, chimayamba kusinthasintha, chaka chino zambiri, chaka chamawa zochepa. Ikakwera pang'ono, kubwereza kumatenga zaka 4, kenako 8, kenako 16. Ikafika cha pa 3.57, kubwereza kumatheratu, ndipo chiwerengero chimangodumphadumpha popanda chilala, matenda kapena msodzi.

Mitchell Feigenbaum, akugwira ntchito ku Los Alamos mu 1975 ndi kamakina kowerengera ka m'manja, anaona kuti mipata ya pakati pa magawo amenewa imachepa pa mlingo umodzimodzi, pafupifupi 4.669. Atayesa lamulo lina losiyana, nambala yomweyo inatulukanso. Patapita zaka zochepa, Albert Libchaber ku Paris anaona kuwirikiza komweku m'kachipangizo kakang'ono ka helium wamadzi wotenthedwa pansi. Zimene zinali papepala zinaoneka m'chilengedwe, ndipo awiriwa anagawana mphoto ya Wolf mu 1986. Ngakhale wotchi ya Newton inagwedezeka: mu 1989 Jacques Laskar anasonyeza kuti njira za mapulaneti apafupi ndi dzuwa, kuphatikizapo dziko lathu, nazonso n'zachipwirikiti. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko cholakwika chimatenga zaka mamiliyoni kuti chikule, pamene mumtambo chimatenga masiku. Ichi ndicho chifukwa kadamsana wa ku Lusaka analoseredwa ndendende pamene mvula ya mwezi wamawa ikukanika.

Zimene tinapindula

Olosera zanyengo sanataye mtima, anasintha kagwiridwe ka ntchito. Kuyambira mu 1992, likulu la zanyengo la mayiko a ku Ulaya ku Reading, England, ndi anzawo a ku America anayamba kuwerengera nyengo kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono manambala oyambira. Ku Reading amachita zimenezi ka 51. Mayankho akagwirizana, wolosera amalankhula molimba mtima. Akabalalika, amadziwa kuti tsogolo silinakhazikike. Mukamva kuti mwayi wa mvula ndi magawo 70 pa 100, m'menemo ndi mmene nambalayo imachokera. Malire a ulosi wa tsiku ndi tsiku ali cha pa masabata awiri.

Namondwe Freddy anationetsa mbali zonse ziwiri. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, anadutsa Madagascar, anafika ku Mozambique, anabwereranso m'nyanja, kenako anakhotanso n'kulowera cha ku Quelimane mu March asanakhuthule mvula yoopsa m'chigawo chakummwera kwa Malawi. Palibe akanatha kujambula njira yokhotakhota imeneyo mwezi umodzi zisanachitike. Koma kutatsala masiku ochepa, njira yake inkaoneka, ndipo machenjezo anaperekedwa. Masiku ochepawo ndi amene sayansi ingatipatse, ndipo ndi amtengo wapatali.

Ulosi wa dzinja lonse umayenda mwanjira ina. Sunena tsiku la mvula, koma umaona zinthu zosintha pang'onopang'ono, monga kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Madziwo akatentha kwambiri, chimene amachitcha El Niño, monga mu 2023 ndi 2024, mwayi wa ng'amba kummwera kwa Africa umakula. Amenewa ndi mapiko a Lorenz aja: sitidziwa pamene mzere udzakhale tsiku lakutilakuti, koma tikudziwa mbali imene ukupendekera.

Lorenz anamwalira mu 2008 ali ndi zaka 90. Anatisiyira choonadi chimene chimafuna kudzichepetsa: chilengedwe chingamvere malamulo ake mokhulupirika koma osaulula mawa lake lonse. Choncho wa zanyengo akanena pawailesi kuti pali mwayi waukulu woti mvula ichepe chaka chino, sakuzemba funso. Wanena zonse zimene munthu angadziwe moona. Mlimi amene amadzala chimanga chocha msanga pambali pa chinangwa ndi mbatata, osaika chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi, akuyankha ulosi umenewo moyenera, monga amachitira a ku Reading powerengera ka 51. Ndipo chenjezo la masiku atatu likamveka, limenelo ndilo gawo la tsogolo limene laoneka bwino, loyenera kulimvera lisanafike.