Amene amalipira nthawi ya mlembi ku England

Kazuo Ishiguro atalandira mphoto ya Nobel mu 2017, ambiri adakamba za luso lobadwa nalo. Lusolo alidi nalo, koma mbiri ya ntchito yolemba mabuku a nthano ku England ikuonetsa kuti luso palokha silibala buku. Buku limadya zaka, ndipo m'zakazo mlembi amafunika chakudya, ndalama ya lendi ndi munthu womuuza zoona pa zimene walemba. Mbadwo uliwonse wa alembi udali ndi wina wolipira nthawi imeneyi, ndipo wolipirayo ankakhudza ngakhale maonekedwe a mabukuwo.

Mu 1836 Charles Dickens adayamba kutulutsa The Pickwick Papers pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi pamwezi pamtengo wa sheleni imodzi. Olipira adali owerenga eni ake, n'chifukwa chake ankadula nkhani pamalo poti munthu alakelake mwezi wotsatira. Kuyambira mu 1842, Charles Mudie adakhazikitsa laibulale yobwereketsa mabuku kwa olipira pachaka. Nthano yatsopano inkatuluka m'mabuku atatu pamtengo wa masheleni 31 ndi theka, ndalama imene wantchito wamba sakadaifika, motero wogula wamkulu adali Mudie. Alembi ankakoka nkhani kuti idzaze mabuku atatu, n'kumapewa zimene bamboyu ankaziona ngati zolaula. Malaibulale atakana mtengowu mu 1894, nthano za mabuku atatu zidatha m'zaka zochepa. Mu 1900 osindikiza ndi ogulitsa adapangana kuti sitolo isamatsitse mtengo wa buku, ndipo pangano limeneli lidathandiza makampani kupirira ndi mlembi amene mabuku ake oyamba sankayenda malonda.

Ishiguro adalowa ntchitoyi olipira atsopano awiri atafika kale. Mphoto ya Booker idayamba mu 1969, ndipo mu 1970 Malcolm Bradbury ndi Angus Wilson adatsegula maphunziro a kalembedwe pa yunivesite ya East Anglia, kumene Ian McEwan adadutsa chaka choyambacho. Ishiguro adabadwira ku Nagasaki mu 1954, nabwera ku Guildford ali ndi zaka zisanu bambo ake, katswiri wa za nyanja, ataitanidwa kudzagwira ntchito. Mtima wake udali pa nyimbo, koma makampani ojambula sadamulabadire. Adagwirako ntchito yothandiza anthu osowa pogona ku London asadapite ku East Anglia mu 1979. Kumeneko adachita lendi kachipinda kam'mwamba m'mudzi wa Buxton ku Norfolk, ndipo ali yekha m'kachipindamo adayamba kulemba za Japan, dziko limene adali asadabwerereko chichokereni. Bradbury ndi Angela Carter ankawerenga zolemba zake, mkonzi Robert McCrum wa kampani ya Faber and Faber adamutenga, ndipo A Pale View of Hills idatuluka mu 1982. Sukuluyo sidamupatse nkhani yolemba. Idamupatsa chaka chopanda ntchito ina, owerenga okhwima maganizo ndi njira yofikira kwa osindikiza.

Mmene nthawi ilili yodula pa ntchitoyi zikuonekera bwino pa The Remains of the Day. Ishiguro ataona kuti maulendo ndi maitanidwe zikumudyera masiku, adagwirizana ndi mkazi wake, Lorna MacDougall, kuti kwa milungu inayi azilemba kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti teni usiku, Lolemba mpaka Loweruka, osayankha foni kapena kalata. Mayiyo adasenza zonse za pakhomo. Bukulo lidapata Booker mu 1989, lidasanduka filimu mu 1993, ndipo ufulu umene lidabweretsa udamulola kutulutsa The Unconsoled mu 1995, buku lalitali ndi lovuta limene lidagawanitsa akatswiri. Mlembi wodera nkhawa za lendi sakadayerekeza kutero.

Ena amatsutsa ponena kuti alembi enieni safuna sukulu, ndipo amatchula Hilary Mantel, amene adaphunzira zamalamulo osati kalembedwe. N'zoona, koma moyo wa Mantel ukuchitira umboni mfundo yomweyi. Buku lake loyamba kulemba, lonena za kuukira boma ku France, adalimaliza mu 1979 akukhala ku Botswana kumene mwamuna wake ankagwira ntchito. Osindikiza adalikana, ndipo lidadikira mpaka 1992. Dzina lake lidamveka ponseponse Wolf Hall itapata Booker mu 2009, iye ali ndi zaka 57. Kusowa womutsegulira khomo sikudawonjezere luso lake, kudangochedwetsa owerenga. Chitsutso cholemera koposa n'chakuti ndalama za mphoto zili ndi mbiri yake. Kampani ya Booker McConnell, imene inkapereka ndalama za mphoto ya Booker, idalemera ndi minda ya nzimbe ku Guyana, ndipo John Berger atapambana mu 1972 adaidzudzula poyera napereka theka la ndalamazo ku gulu la Black Panthers la ku Britain. Berger adalasa, ndipo nkhaniyi siyenera kukwiriridwa. Komabe theka linalo adaligwiritsa ntchito polemba buku lonena za anthu osamukira m'maiko ena kukafuna ntchito, pakuti nayenso ankafunika wolipira nthawi yake.

Pangano la mitengo lija lidagwa mu 1995 ndipo khoti lidalithetseratu mu 1997. Masitolo akuluakulu, kenako Amazon, adayamba kutsitsa mitengo ya mabuku ochepa otchuka, ndipo kuleza mtima kwa osindikiza kudachepa. Kafukufuku wa bungwe la alembi la ALCS mu 2022 adapeza kuti mlembi wapakati amene kulemba ndiyo ntchito yake yeniyeni ankapeza mapaundi pafupifupi 7,000 pachaka kuchokera ku zolemba. Ambiri tsopano amadalira kuphunzitsa kalembedwe m'mayunivesite, kumene wophunzira amalipira fizi yokwera, kotero wachinyamata wochokera m'banja losauka amayamba ndi ngongole asadalembe tsamba loyamba.