Yohane: Ulendo wa Dzina Kuchokera ku Yudeya Kufika ku Mbombwe

Dzina la Yohane linachokera ku Chiheberi, ku mawu akuti Yohanan, kutanthauza kuti Mulungu wachita chisomo. Agiriki analilemba kuti Ioannes, Aroma Iohannes, ndipo kutchuka kwa Yohane Mbatizi ndi Yohane Mtumwi kunalifalitsa kulikonse kumene Chikhristu chinafika. Mtundu uliwonse unaliumba monga mwa lilime lake: John ku England, Jean ku France, João ku Portugal, Ivan ku Russia. Asilamu amamutcha mneneri yemweyo Yahya. Ku America dzinali linali patsogolo pa mayina onse a ana aamuna kuyambira 1880 mpaka 1923.

Kuno kwathu dzinali linafika ndi ubatizo. Pa mwambo wa makolo dzina limanena kanthu: Mavuto amakumbutsa za nyengo yowawa, Chikondi za mtendere wa banja. Dzina la ku mishoni linali losiyana, pakuti ambiri olitenga sankamva tanthauzo lake. Linkangosonyeza kuti mwini wake walowa mpingo kapena sukulu. Buku Lopatulika la 1922 linakhazikitsa kalembedwe kakuti Yohane, pamene amene ankapita kumigodi anabwerako ndi Joni, chidule cha Johannesburg, mzinda womwe dzina lake lili ndi muzu womwewo.

Koma obatizidwawo sanangolandira dzinali ngati chovala chobwereka. John Chilembwe, amene anabatizidwa ndi Joseph Booth, anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, ndipo pa 23 Januwale 1915 anatsogolera kuukira ulamuliro wa atsamunda ku Nyasaland. Ku Southern Rhodesia, mu 1932, Shonhiwa Masedza anadzitcha Johane Masowe, ndiko kuti Yohane wa m'chipululu, nayamba kubatiza anthu popanda chilolezo cha mmishonale aliyense. Johane Marange anayambitsanso mpingo wake chaka chomwecho. Dzina limene amishoni anapereka ngati chizindikiro cha kumvera linakhala, m'manja mwa anthu awa, umboni wakuti Mwafirika angathe kulalikira ndi kutsogolera payekha.

Lero makolo ambiri olankhula Chichewa amasankha mayina a m'chinenero chawo. Amene atcha mwana wawo Chisomo, kaya akudziwa kaya ayi, akunena m'Chichewa chimene Yohanan ankanena m'Chiheberi zaka zoposa 2,000 zapitazo.