Injini ikachotsedwa: kukonza ndi kupenta kunsi kwa boti

Boti lililonse lili ndi malo amene mwini wake sawaona kawirikawiri. Awa ndi malo otsika kwambiri a mkati mwake, kunsi kwa matabwa opondapo, amene amalinyero amawatchula kuti bilge. Chilichonse chogwera m'boti chimathera kumeneko: madzi a mvula ndi a mafunde, dizilo wotayika pothira, oyilo wodontha mu injini, mamba a nsomba ngakhalenso mchenga wa kumapazi kwa okwera.

M'maboti amene injini yake ili mkati, monga sitima zonyamula anthu ndi maboti akuluakulu ophera nsomba panyanja ya Malawi, malo amene amada kwambiri ndi a kunsi kwa injiniyo, ndipo ndi komwe dzanja silifikako. Injini imakhala pa mitanda iwiri yolimba, ndipo mpata wotsala pansi pake ndi wochepa zedi. Nchifukwa chake tsiku limene injini yazulidwa kuti ikakonzedwe kapena kusinthidwa limapereka mwayi umene umapezeka kamodzi pa zaka zambiri. Eni maboti ambiri maso amakhala pa injini, poti ndi imene yadya ndalama, ndipo amaibwezera pa matope omwe aja.

Kuipa kwake nkoti injini imagulidwa ina, pamene thupi la boti likatha, botilo latha. Sitima ya Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, inabwera kuno m'zidutswa nkulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda m'chaka cha 1951. Kuti sitima yachitsulo itumikire anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Usisya kwa zaka zoposa 70, pamafunika kulimbana ndi dzimbiri kosalekeza, mkati ndi kunja komwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti boti limawonongekera kunja chifukwa ndiko kumakhudzana ndi nyanja. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Kunja kumaoneka, ndipo kumapentedwa boti likakokeredwa kumtunda. Mkati, madzi ochepa okhazikika pakona amadya chitsulo mwakachetechete, nkupanga timaenje timene timazama mpaka kuboola. Madzi a m'nyanja ya Malawi alibe mchere, choncho sadya chitsulo msanga ngati a m'nyanja zikuluzikulu. Koma kwa boti lamatabwa nkhani imatembenuka: nkhungu yoolesa matabwa imakonda madzi opanda mchere, makamaka pamalo otentha ndi osapita mphepo. Boti la fibreglass nalo silipulumuka, chifukwa mitanda yake yambiri imakhala ndi thabwa mkati, ndipo madzi akalowera pa bowo la bawuti thabwalo limaola kunja kukuoneka bwinobwino.

Ntchito yeniyeni yagona pa kutsuka, ndipo apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Penti sagwira pa oyilo, ngakhale akhale wodula bwanji. Choyamba amakapa madzi ndi kuwola matope onse, kenako amatsuka ndi mankhwala osungunula girisi kapena sopo wamphamvu ndi madzi otentha, kutsukuluza, nkubwerezanso kawiri kapena katatu. Sandipepa ndi bulashi yawaya zimabwera pambuyo pake. Wopala asanatsuke amangokankhira oyilo uja m'timing'alu, ndipo pakapita miyezi yochepa penti watsopanoyo amasupuka ngati khungu la njoka. Njira yosavuta yoonera ngati payera ndi kuwazapo madzi: akamwazika bwino ndiye kuti mafuta atha, koma akaundana timadontho ndiye kuti akadalipo.

Pakayera ndi pouma, mmisiri amayamba kufufuza. Pa chitsulo amagogoda ndi hamala yosongoka kuti dzimbiri lokhuthala ligwe, ndipo m'malo okonzera sitima amagwiritsa ntchito kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo popanda kuchiboola. Pamene papyapyala kwambiri amadulapo nkuwotchererapo chitsulo chatsopano. Kumata penti pamalo otero nkubisa matenda chabe. Pa thabwa amabaya ndi sikuludiraiva, ndipo ikalowa mosavuta thabwalo liyenera kuchoka. Mitanda yokhalapo injini ndi mabawuti ake zimafuna diso lapadera, chifukwa ndi zimene zimalandira kunjenjemera konse kwa injini.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamaiwalika. M'nthiti za boti mumakhala timabowo tolola madzi kuyenda kuchokera chipinda china kupita china mpaka kukafika pa pampu. Timabowoti tikatsekeka ndi zinyalala, kapena ndi penti yemweyo, chipinda chilichonse chimasanduka kadziwe kake, ndipo pampu imapopa mphepo madzi ali tho pafupi pomwepo. Iyinso ndi nthawi yosintha mapaipi a labala olimba kapena ong'aluka, kukonza pamene shafiti ya pulopela imatulukira, ndi kukweza mawaya a magetsi kuti asagone m'madzi. Waya wong'ambika amene akutayira magetsi a batire m'madzi angathe kudya chitsulo mofulumira kuposa dzimbiri wamba.

Kupenta kwenikweniko sikutenga nthawi. Chitsulo chopalidwa chimayamba dzimbiri m'maola ochepa, choncho penti woyamba amapakidwa tsiku lomwelo. Amisiri amapewa mamawa kwambiri ndi madzulo, nthawi imene mame amagwira pa chitsulo. Pa chitsulo ndi fibreglass amakonda penti wa epoxy, wosakaniza mbali ziwiri, chifukwa amapirira dizilo ndi oyilo. Penti wa m'nyumba amafewa nkutseka pampu. Pa boti lamatabwa epoxy angathe kubweretsa vuto: akapakidwa pa thabwa lonyowa amatsekera chinyezi mkati ndipo kuola kumafulumira, moti amisiri ambiri amasankha penti wamafuta. Mtundu wake ukhale woyera kapena wotuwa pang'ono. Izi si zokongoletsa ayi: pamalo oyera, dontho la oyilo kapena mzere wa dzimbiri umaoneka tsiku lomwelo.

Ntchitoyi ili ndi ngozi zake. Mpweya wa penti, wa thina ndi wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wopuma, choncho umatsikira pansi penipeni, pomwe pali mutu wa wopentayo. Munthu angathe kukomoka asanazindikire kuti chavuta, ndipo kamoto ka ndudu kapena ka chopalira nkokwanira kuphulitsa malowo. Pamafunika chokupizira mphepo, chotchinga kumphuno choyenera, ndi mnzake woima panja. Kuwotcherera kumachitika mafuta onse atachotsedwa komanso penti asanatsekulidwe.

Funso lotsala ndi lakuti madzi akudawo apite kuti. Pangano la mayiko la MARPOL limaletsa sitima zikuluzikulu za m'nyanja zamchere kutaya madzi a mu bilge amene oyilo wake waposa magawo 15 pa 1 miliyoni. Kuno chifukwa chosamalira chili poyera: madzi a m'mphepete mwa nyanja ndi omwe anthu amamwa, kusamba ndi kutsukira usipa, ndipo pafupi ndi doko la Monkey Bay pali malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba zake monga mbuna. Matope a oyilo, nsanza ndi zopalidwa za penti ziyenera kuikidwa m'migolo nkupita kumtunda.

Miyezi yopanda mvula ndiyo yabwino pa ntchitoyi, ndipo nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imathandiza chifukwa masiku ambiri maboti amakhala pa doko. Penti wa epoxy amauma pamwamba tsiku limodzi, koma amafuna pafupifupi sabata kuti alimbe ndithu, ndipo injini isabwerere nthawiyo isanakwane. Ikabwerera, ndi bwino kuika chiwaya kunsi kwake cholandira oyilo wodontha. Kuwongola komaliza kwa injini ndi shafiti kumachitika boti litabwerera m'madzi nkukhalamo masiku angapo, chifukwa thupi lake, makamaka lamatabwa, limasintha pang'ono likachoka kumtunda.