Chingwe cha Khamba

Ife okulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi timadziwa kuti maliro sabisika. Mfuu ya amayi imatsika phiri usiku, kukacha adzukulu ali kumanda ndi makasu, masamba aikidwa kale pamsewu. Choncho kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind atatuluka mu 2019, ine sindinathamangire makina a mphepo amene anthu akunja ankaombera m'manja aja. Ndinkafuna kuona m'mene Chiwetel Ejiofor waikira akufa athu.

Kanemayu anachokera m'buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer la 2009. Nkhani yake ndi ya kwa Wimbe ku Kasungu, pa njala ya 2001 mpaka 2002, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, anthu n'kumadya gaga ndi zitsa za nthochi. Boma la a Bakili Muluzi linadzavomera kuti m'dziko mwagwa tsoka mu February 2002, ambiri atagona kale kumsitu.

Kanema akuyamba ndi maliro. Bambo wamkulu wa William agwa m'munda, ndipo pamwambo wa Chikhristu pakutulukira Gule Wamkulu. Mzungu woonera ku London angoti kukongola! Koma wa ku Dowa agwira pakamwa. Chiyambire pamene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika pa Mvera mu 1889, tchalitchi ndi dambwe akhala akukanganirana mitembo yomweyi, ndipo Mkhristu wopezeka kudambwe ankadulidwa mumpingo. Ejiofor wawayanjanitsa ndi kamera m'kanthawi kochepa. Ndamukhululukira, poti zilombozo anazijambula mwaulemu.

Pamene sindinamukhululukire ndi pa galu.

M'buku, Khamba atatheratu ndi njala, William amutengera kuthengo, n'kumumangirira kumtengo, n'kumusiya. Mwana wapha bwenzi lake chifukwa m'nyumba mulibe ngakhale mkute. Kanema anachotsa chingwecho: galu angofa yekha ndi njala, mnyamata alira, manja ake ali oyera.

Apa mpamene ndinakumbuka Mumu, nthano imene Ivan Turgenev wa ku Russia anasindikiza mu 1854. Gerasim, kapolo wosamva ndi wosalankhula, auzidwa kuti dona wake sakufunanso kuona kagalu kake. Iye akadyetsa bwinobwino, akwera nako bwato, akamangirira njerwa ndi chingwe, n'kukamiza mumtsinje. A ku Russia apanga kanema wa nthanoyi kangapo, mu 1959 ndi 1998 mwa zina, koma bwatolo sanalithawe, chifukwa mukalichotsa ndiye kuti ukapolo mwauchotsera mlandu. Chimene chikuwawa si imfa ya galu ayi, koma dzanja limene lakakamizidwa kupha.

Njala ya 2002 inali ya mtundu umenewo. Sinangopha anthu, inawachititsanso zinthu. Mbuzi zinagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, mabanja anafolola malata padenga, ogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'minda ena anadulidwa ziwalo ndi anansi awo omwe. Ejiofor waonetsako anthu akulimbirana chimanga pamsika wa boma, komanso mbala yolowa m'nyumba kudzalanda chakudya. Koma wakubayo ndi mlendo, nkhope yosadziwika. Kumidzi kwathu wakuba ndi womudula dzanja anali a mudzi umodzi, ndipo mvula itabwerera anapitiriza kukumana pa maliro omwewo, wina atanyamula khasu, wina atakhala pansi poti khasu sangaligwirenso.