Mafuwa atatu a nyimbo

Mnyamata akangogwira C, F ndi G pa gitala, Lamlungu lotsatira mumupeza akuperekeza kale kwaya. Ambiri timaona ngati ma chord atatuwa anachita kugwa kumwamba, koma ali ndi mbiri yake. Liwu la chord ndalisiya dala m'Chingerezi, chifukwa ndikalemba "kodi" muyesa ndikukufunsani funso.

Tiyambe ndi mmene amagwirira ntchito. Kiyi ya major ili ndi manotsi asanu ndi awiri: do, re, mi, fa, so, la, ti. Chord ya pa do ndi do-mi-so, ya pa fa ndi fa-la-do, ya pa so ndi so-ti-re. Tawerengani bwino, muona kuti manotsi onse alowa, palibe yotsalira. N'chifukwa chake nyimbo yosatuluka mu kiyi yake imakhala bwinobwino pa atatuwa ngati mphika pa mafuwa. Ndiye ti wa mu chord ya so uja sakhazikika, khutu limafuna akwere akafike pa do. Mpingo ukamapumira limodzi kumapeto kwa vesi, ndi zomwezo.

Oyimba a ku Ulaya ankaimba zimenezi kalekale asanazifotokoze. Amene anazilemba mwadongosolo ndi Jean-Philippe Rameau wa ku France, woyimba limba m'tchalitchi, m'buku lake lomwe linatuluka ku Paris mu 1722. Iye anati do-mi-so, mi-so-do ndi so-do-mi ndi chord imodzi yomweyo, yangotembenuzidwa, tsinde lake ndi do basi. Lero izi zikumveka ngati za ku sukulu ya mkaka, komatu nthawiyo oyimba ambiri ankawerengera kuchokera pa notsi ya pansi, n'kumaona zinthu zitatu zosiyana. M'buku lina la 1726 chord ya pa fa anaipatsa dzina ndi udindo wake pambali pa zinzake ziwiri zija. Manambala a I, IV ndi V omwe a kiyibodi amakuwirana lero anafala pambuyo pake, makamaka kudzera m'mabuku a Mjeremani Gottfried Weber.

Kwathu kuno dongosololi linabwera ndi nyimbo za amishoni, pamodzi ndi tonic sol-fa, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England potengera ya Sarah Glover wa ku Norwich. Agogo athu a kwaya amawerenga d, m, s mpaka lero chifukwa cha anthu awiriwa.

Koma pali amene amati nyimbo zathu za gitala n'zongokopera kwa Azungu popeza ma chord ndi omwewo. Apa ine ndimakana. Kwa Rameau atatuwa ndi ulendo: uchoka pakhomo, uyenda, ubwerera, chitseko n'kutseka. Tamverani marabi a m'makomboni a Johannesburg, kapena kwela ya m'ma 1950 yomwe Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaisandutsa yawoyawo. Mmenemo do, fa, do, so zimangozungulira ngati gule pabwalo. So akafika sakutseka kanthu, akungokankhira gudumu kuti lizungulirenso, chitoliro chikusewera pamwamba mmene chafunira. Zala zikugwira malo omwewo pa gitala, koma nyimbo ya m'tchalitchi imatha ikafika pa do, pomwe kwela imatha ovina akatopa.