Kompyuta imapala kuti moto?

Tsiku limene ndinamaliza kulumikiza kompyuta yanga yatsopano ndinagona mochedwa, koma mtima uli m'malo. Ndinali nditaikamo zosungiramo zinthu ziwiri. Choyamba chinali SSD yatsopano, kanthu kopyapyala kotalika ngati chala, kamene kamalowa pabolodi lalikulu n'kumangidwa ndi kasikuluu kamodzi. Chachiwiri chinali hadi disiki ya m'kompyuta yanga yakale. M'menemo munali zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga ndiponso mawu a agogo anga aakazi, amene ndinawajambula akufotokoza mbiri ya mtundu wathu chaka chimodzi asanatisiye. Mawuwo sanali kwina kulikonse.

Pulogalamu yoyendetsa kompyuta ndinaiika pa SSD, ndipo makinawo ankadzuka m'masekondi ochepa. Patatha sabata ndinachotsa disiki yakale ija kuti ndikakopere mchemwali wanga zithunzi. Nditasindikiza batani loyatsira, sikirini inangoti bii, kenako panatuluka mawu akuti palibe poyambira. Ndinabwezeramo disiki yakale, kompyuta inadzuka bwinobwino. Ndinaichotsanso, inakananso. Chinthu chatsopano chinkakana kuyenda popanda chakale, ndipo kufuna kumvetsa chifukwa chake kunandibwezera m'mbuyo zaka pafupifupi 70.

Vuto la kudzuka n'lakale ngati kompyuta yeniyeniyo. Ikazima, malo ake ogwirira ntchito otchedwa RAM amatsala opanda kanthu. Kuti iwerenge disiki imafunika pulogalamu, koma pulogalamuyo ili padisiki pomwepo. Olankhula Chingerezi anafanizira zimenezi ndi munthu wofuna kudzinyamula pokoka zingwe za nsapato zake, ndipo m'fanizo limeneli ndi mmene munachokera liwu lakuti boot. Ine zimandikumbutsa kumudzi, kumene moto ukazima m'mawa mwana amatumidwa ndi phale kukapala khala kwa anansi. Khalalo siliphika nsima, koma popanda ilo nkhuni siziyaka.

Poyamba wopala motoyo anali munthu. Pamakina monga PDP-8 ya mu 1965, woyendetsa ankalowetsa malangizo oyamba ndi manja, pokweza ndi kutsitsa timasiwichi takutsogolo, kuti makina athe kuwerenga pulogalamu yaikulu kuchokera patepi yapepala yobowoledwa. Akaphonya kasiwichi kamodzi, zinthu sizinkayenda. Pambuyo pake malangizo oyambawo anayamba kusungidwa m'kachipangizo kosafufutika magetsi akazima. Gary Kildall anagwiritsa ntchito dzina lakuti BIOS mu 1975 m'pulogalamu yake ya CP/M, ndipo dzinali linafalikira pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya PC mu 1981.

Mu 1983 kunabwera IBM PC XT, imene inali ndi hadi disiki ya 10 MB, ndipo panakhazikika mwambo umene unalamulira makompyuta zaka zoposa 20. Mabaiti 512 oyambirira a disiki anapatulidwa kukhala malo a khala lija, ndipo amatchedwa MBR. BIOS imayendera zosungira zonse motsata ndondomeko imene yapatsidwa, n'kumasuzumira ngati malowo akutha ndi chizindikiro cha 55 AA. Ikachipeza imapereka ulamuliro ku zimene zalembedwa pamenepo. Ikapanda kuchipeza imapita pakhomo lotsatira.

Madisiki enieniwo ali ndi mbiri yawoyawo. Hadi disiki yoyamba kugulitsidwa inabwera ndi makina a IBM 305 RAMAC mu 1956. Inali ndi zimbale 50, chilichonse chotambalala mainchesi 24, inkalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Chithunzi chimodzi cha pafoni ya lero chikanatha kuidzaza. Mu 1980 kunatuluka ST-506 ya kampani imene lero ndi Seagate, yosunga 5 MB koma yokwana m'bokosi la padesiki. Kukula kunasintha, koma kagwiridwe ka ntchito kanakhala komweko: chimbale chimazungulira, ndipo kamkono kamayenda pamwamba pake kufunafuna pamene palembedwa chimene chikufunidwa. Disiki yanga yakale inkazungulira maulendo 7,200 pamphindi imodzi. Ngakhale ndi liwiro limenelo, kudzuka kwa kompyuta kumafuna kuwerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndipo kalikonse kamadikira kamkono kafike. N'chifukwa chake kale ndinkayatsa makina n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Chimene chinathetsa kudikirako chinachokera ku Japan. Fujio Masuoka, injiniya wa kampani ya Toshiba, anapeza njira yosungira zinthu potsekera magetsi ochepa kwambiri m'timaselo ta silikoni, popanda chozungulira chilichonse. Anaonetsa mtundu woyamba mu 1984, ndipo mtundu wa NAND, umene uli m'ma SSD, m'mafulashi ndi m'mafoni athu, unatsatira mu 1987. Mnzake wa kuntchito, Shoji Ariizumi, ndiye anapereka dzina lakuti flash, poti kufufuta kwake kunkamukumbutsa kung'anima kwa kamera. Masuoka anadzasumira Toshiba ponena kuti sanapatsidwe mphoto yoyenera, ndipo mlanduwo unatha mu 2006 atagwirizana zomupatsa mayeni 87 miliyoni. Mu 1991 kampani ya SunDisk, imene inadzatchedwa SanDisk, inagulitsa SSD ya 20 MB pamtengo wa madola pafupifupi 1,000 a ku America. Panapita zaka pafupifupi 20 kuti mtengo utsike kufika poti munthu wamba n'kuganiza zogula. Mu 2011 kunakhazikitsidwa NVMe, njira yolankhulirana pakati pa SSD ndi kompyuta yosatengeranso malamulo amene anapangidwira zimbale zozungulira. Kanthu kanga kotalika ngati chala kaja n'kamtundu umenewu.

Pamene madisiki ankakula, mwambo wa 1983 unayamba kuthina. MBR imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha, ndipo pamadisiki ambiri sitha kuona kupyola 2 TB. Kampani ya Intel inayamba kukonza njira ina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2005 makampani angapo anagwirizana kuipititsa patsogolo ndi dzina lakuti UEFI. M'njira imeneyi khala silikhalanso m'mabaiti 512. Limakhala m'kachigawo kapadera kadisiki, kamene nthawi zambiri kamakhala ka 100 MB kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo kompyuta imasunga mndandanda wa malo amene ingakapale.

Apa ndi pamene panagona vuto langa, ndipo wolakwa ndinali ine. Disiki yakale inali kale ndi kachigawo koteroko. Poika pulogalamu yatsopano madisiki onse awiri ali mkati, mafayilo odzutsira anakalowa m'kachigawo kakaleko, ndipo pa SSD sipanapangidwe kena. Nyumba yatsopano inali ndi nkhuni, mphika ndi ufa, koma moto inkapala kwa anansi m'mawa uliwonse.

Ndinaganiza zoikanso pulogalamu yonse. Ndinafika pasikirini yosankhira disiki, pamene madisiki alibe mayina amene ndimawadziwa koma manambala okha, 0 ndi 1, ndi mndandanda wa zigawo zofanana maonekedwe. Chala chili pafupi ndi batani lofufutira, ndinaimbira mng'ono wanga amene amakonza mafoni ndi makompyuta ku Limbe.

"Achimwene, musakhudze kanthu," anatero. "Zimitsani kaye, muzule waya wa disiki ya agogoyo. Chimene sichili m'makina simungachifufute."

Ndinachita zomwezo. Ndinasiya SSD yokha, n'kulowetsa fulashi yokhala ndi pulogalamu yoikira. Poyatsa ndinasindikiza F2 kuti ndilowe m'makonzedwe a UEFI, pamene makina ena amafuna batani la Delete, ndipo ndinasankha kuti iyambire pafulashi. Popeza panalibenso kachigawo kena kobwereka, kachigawo kodzutsira kanapangidwa pa SSD pomwepo. Nditatsimikiza kuti ikudzuka yokha, ndinabwezeramo disiki yakale, n'kulowanso m'makonzedwe kukaika SSD pamwamba pa mndandanda. Pambuyo pake ndinayang'ana bwino manambala aja. Disiki imene ndinkati ndi yatsopano usiku uja inali yakale.

Mng'ono wanga anandichenjezanso china. Hadi disiki ikayamba kufa kawirikawiri imalira, kamkono kaja kamagogoda, ndipo mwini amapeza mpata wopulumutsa zinthu. SSD imatha kufa mwakachetechete. Timaselo take timatha mphamvu tikalembedwa kambirimbiri, ndipo magetsi otsekeredwamo amatha kutayika pang'onopang'ono ikakhala zaka m'kabati osayatsidwa. Liwiro limene Masuoka anatipatsa ndi la kudzuka ndi kugwira ntchito. Kusunga zinthu kuti zidzafike kwa adzukulu ndi ntchito ina, ndipo imafuna makope angapo m'malo osiyana.

Mawu a agogo tsopano ali patatu: pa SSD, padisiki yakale, ndi pafulashi imene ili m'sutikesi ya mchemwali wanga ku Dedza. Nditamaliza kukopera ndinatsegula fayiloyo kuti ndione ngati ili bwino, ndipo ndinamvetsera mpaka kumapeto, maminiti 47, pamene agogo akuseka n'kundifunsa ngati kamakina kangako kamva zonse.