KAMTSINJE KA BRAAMFONTEIN NDI MIDZI YA M'MBALI MWACE

Mzinda wa Johannesburg, umene amuna obwera ku migodi amaucha Joni, unamangidwa pa mtunda wautali wa Witwatersrand. Mvula yogwa kumwera kwa mtundawo imatsikira ku Vaal ndi ku Orange, koma yogwa kumpoto imalowa m'timitsinje tothira mu Jukskei, nipitirira kufikira ku Limpopo. Kamodzi ka timitsinjeti ndiko Braamfontein Spruit. Ngakhale kali kakang'ono, mbiri ya mzindawo iri m'mbali mwace.

Azungu asanafike, anthu akuda anali kukhala kale pa timapiri ta Melville Koppies, pamene pamadutsa nthambi ya kamtsinjeka ya Westdene Spruit. M'caka ca 1963 Revil Mason anafukula pamenepo ng'anjo yakale imene makolo anali kusungunuliramo citsulo. Pambuyo pace Mabunu anagawana dzikolo nalisandutsa mafamu, ndipo pamene golide anapezeka mu 1886, mafamuwo anayamba kudulidwa kukhala midzi ya mzinda.

Pa nthambi imodzimodziyo panabadwa midzi iwiri, yonse yochulidwa ndi maina a akazi. Itatha nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu mu 1902, Louw Geldenhuys analemba nchito Mabunu osauka amene anataya minda yao, kuti amange damu; ndipo analipatsa dzina la mkazi wace, Emmarentia. Kumtunda, pafupi ndi Westdene, Herman Tobiansky anagula malo nawapatsa dzina la mkazi wace, Sophia. Iye anafuna kugulitsa malowo kwa Azungu, koma pamene akulu a mzinda anamanga pafupipo mosungira zonyansa za m'zimbudzi, Azunguwo anakana. Motero anthu akuda, Amwenye ndi Makaladi anagula mapuloti, ndipo Sophiatown anakhala umodzi wa midzi yowerengeka imene munthu wakuda anali kuloledwa kukhala ndi malo acece.

Emmarentia anakula ndi mitengo ndi nyumba zazikuru, koma Sophiatown anaweruzidwa kuti ayandikira Azungu kopambana. Pa 9 February 1955 apolisi 2,000 anafika m'bandakuca, nayamba kukweza mabanja pa malole kunka nawo ku Meadowlands. Nyumba zinagumulidwa, ndipo pa mabwinjawo boma linamanga mudzi wa Azungu, niliucha Triomf, ndiko kunena cigonjetso. Kumunsi kwa kamtsinjeka, ku Parkhurst ndi ku Craighall, munthu wakuda anali kugona kokha m'kanyumba ka kuseri monga wophika kapena wa m'munda, ndipo ena a iwo anali ocokera ku Nyasaland.

Miseu nayonso ikumbutsa zomwezo. Mseu waukuru wopita pakati pa Melville Koppies unali ndi dzina la D. F. Malan, nduna yaikuru imene inayamba ulamuliro wa tsankho mu 1948. M'caka ca 2001 unapatsidwa dzina la Beyers Naudé, mbusa wacibunu amene anatsutsa tsankholo, nataya udindo wace mu mpingo cifukwa ca ico. Mu 2006 dzina la Sophiatown linabwezedwa, ngakhale nyumba zakale zatsala zowerengeka.

Lero kanjira ka miyendo kamatsata madziwo kucokera ku damu la Emmarentia, kudzera ku Delta Park, pamene panali mosungira zonyansa kufikira mu 1963, nikapsyola pa mseu wa Jan Smuts kunka kumpoto. Pa kanjirako amakomana opalasa njinga, anchito ofupikitsa ulendo, ndi a mipingo yovala zoyera amene amapemphera m'mbali mwa madzi. Palibenso wapolisi wofunsa pasi. Koma nyumba za mipanda yaitali zikali za olemera, osowa pogona amagona kunsi kwa milatho, ndipo mipope ikaphulika zonyansa zimalowa m'madzi amene onsewo amawayandikira.